Mkaka Wogona

Mlamu wanga, mlongo wamng'ono wa mwamuna wanga, ankatcheza kachasu kumudzi kwawo ku Kambombo. Ndiyambe ndanena zimenezi poyera, chifukwa anthu akamandifunsa za mnyamata amene ndikulera amayamba kuzungulira ngati akuopa kuponda njoka, ndipo ine kuzungulira kumanditopetsa.

Ine ndine mphunzitsi. Kwathu ndi ku Katete, ku Chama kuno ananditumiza pantchito. Ndinabwera ndi sutikesi imodzi ndi maganizo oti ndikhala pang'ono n'kupempha kusamuka, poti kutentha kwa chigwa chino sikunandikonde ndipo inenso sindinakukonde. Koma ndinakwatiwa konkuno, ndinabereka atsikana awiri, ndipo za kusamuka zija zinathera pomwepo. Chisenga ndimachimva, koma ndikachiyankhula abale a mwamuna wanga amagwa nacho chiseko, motero iwo ndi amene amavutika kundiyankhula Chinyanja.

Pa abale onsewo amene ndinkakondana naye kwambiri anali mlamu wangayu. Anali wamfupi, wamphamvu, wapakamwa pakuthwa kuposa panga. Mwamuna wake anapita ku Lusaka kukafuna ntchito n'kuiwala njira yobwerera, atamusiya ndi pakati pa miyezi yochepa. Chimanga cha munda umodzi sichigula sopo kapena mchere, ndiye iye anatenga mgolo wa azakhali ake n'kuyamba kutcheza.

Ntchito imeneyi ili ndi mwambo wake. Wogula samwa mwini mowa asanamwe. Umathira pang'ono m'kapu, umamwa iye akuona, kuti adziwe kuti mulibe chiphe, kenako n'kumupatsa. Potcheza ponso umalawa kuti udziwe pamene waukali wathera. Mlamu wanga sankakhala pansi n'kumamwa ngati azibambo aja obwera panjinga. Sindinamuonepo akudzandira. Ankangolawa, kuyambira m'mawa mpaka wogula womaliza atakwera njinga yake, tsiku ndi tsiku, mimba ikukula. Ulendo wina ndinamukalipira, osati kuti ndinkadziwa zambiri, koma fungo lake linkandinyansa. Anandiseka.

"Mulamu, nikaleka kulawa ndani azagula? Azakamba kuti naikamo mankhwala."

Mwana anabadwira kuchipatala kuno ku boma. Ndabereka ine, ndikudziwa kulemera kwa khanda, koma uyu zinali ngati ndanyamula nsalu yokha. Kamutu kakang'ono, mlomo wam'mwamba wopyapyala, manja akunjenjemera. Kulira kwake kunali kosamveka bwino, ndipo bere ankangoligwira pang'ono n'kulisiya.

Namwino amene ankamuyang'anira anali mayi wochokera kuchigawo cha migodi, wamtali, woyenda mothamanga, Chinyanja chake chodzaza Chibemba. Anamufunsa mlamu wanga mafunso ambiri mofatsa, ndipo atamva za kulawa kuja anakhala pamphepete pa bedi n'kumufotokozera kuti mowa umene mayi wapakati wamwa umafika kwa mwana m'mimba, ndi kuti zina zimene wawononga sizibwerera. Mlamu wanga anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pa mwana.

"Manje ndiye kuti ndine namupanga so?"

Namwino sananame. Anati, "Simunadziwe, amayi. Koma kuyambira lero mwadziwa. Ndipo pali chinthu chimodzi chimene ife tonse muno sitingamupatse, koma inu. Ni bere."

Tsiku lomwelo mlamu wanga anasiya mowa. Anthu sakhulupirira ndikanena, koma ndinali pompo. Atatuluka m'chipatala anadzakhala kwathu, ku nyumba za aphunzitsi, kuti akhale pafupi ndi madokotala. Masiku oyamba thupi linkamufunsa zimene linazolowera. Thukuta linkangoyenderera, manja osakhazikika, ndipo ankatafuna nzimbe mpaka nsagwada kuwawa. Koma bere sanalisiye. Kuyamwitsa mwana uja inali ntchito yoposa kulima. Akayamwa pang'ono ankagona, ndiye mayi ake ankamukanda kuphazi, kumupukuta nkhope ndi kansalu konyowa, kumuyankhula m'Chisenga mawu oti ine ndisamve. Ankakhala pakhonde langa kuyambira ndikupita kusukulu mpaka ndikubwerako, mwana ali pachifuwa. Tikapita kusikelo muvi wa sikeloyo n'kusuntha pang'ono, ankabwerera akuyimba mumsewu ngati wapambana mpira.

Tsopano za maofesi. Ine ndakhala pa boma pano nthawi yokwanira kudziwa mmene munthu wosauka amayendera: apa akuuza pita apo, apo akuuza bwera mawa. Ndiye namwino atandiuza kuti akufuna kuitana anzake a maofesi ena kuti akhale pamodzi pa nkhani ya mwanayu, ndinangoti tiona. Koma anabweradi. Panali bambo wa ofesi ya welofeya, yothandiza mabanja ovutika, munthu wofatsa wa magalasi. Panali mayi wapolisi wa gawo loona za mabanja, amene analonjeza kufufuza mwamuna wothawa uja. Panali amayi abusa a ku mpingo kwathu, ndiponso mayi wina wa bungwe lothandiza azimayi kupeza ntchito zamanja. Tinakhala pamabenchi pansi pa mtengo kuseri kwa chipatala. Ndinawaseka kuti anthu onsewa, mabuku ndi zolembera m'manja, asonkhanira munthu wopepuka kuposa tambala wa nkhuku. Anaseka nawo. Koma mumtima ndinathokoza, ndipo mpaka lero sindinena kuti panali wina woipa mtima pa benchi paja.

Anagawana ntchito. A welofeya anapeza ufa wa phala ndi nyemba kuti woyamwitsa azidya. Amayi a mvano ankabwera kudzacheza naye kuti asasungulumwe. Wapolisi uja mwamunayo sanamupeze, koma ankadutsa ndithu kudzafunsa za moyo. Ndipo aliyense akabwera, pofuna kumulimbikitsa, ankamusiyira mawu omwewo. Chimene chalowa mwa inu chimafika kwa mwana. Samalani thupi lanu, chifukwa mwana amadya kwa inu. Namwino ananena, a welofeya ananena, amayi abusa ananena mpaka m'pemphero, inenso ndinanena pophika. Mlamu wanga ankangogwedeza mutu. Anafika poti asanadye chinthu chachilendo ankandifunsa kaye ngati sichimupweteka mwana, ngakhale tsabola.

Mwana atayamba kukhala ndi masaya, funso linabwera loti mayiyu adzadya chiyani akabwerera ku Kambombo, popeza mgolo uja unali ukadali kuseri kwa nyumba yake. Mayi wa bungwe uja anati kuli maphunziro a kuweta nkhuku ku Lundazi, a masiku ochepa, ndipo omaliza amapatsidwa anapiye ndi chakudya chake choyambira. Anamupezera malo. Tonse tinakondwa. Vuto linali limodzi: mvula inali itayamba, msewu unali woipa, mwana anali ndi chifuwa, ndipo adokotala anakana kuti akwere lole. Ndiye anakonza bwinobwino. Mwana atsala ndi ine. A welofeya apereka mkaka wa m'chitini wa masiku amenewo. Namwino anamuphunzitsa mlamu wanga kufinya mawere m'kapu m'mawa ndi madzulo kuti mkaka usaume, akabwera adzapitirize. Panalibe chimene sanachiganizire, tinkatero.

Mlamu wanga sanakane. Anangofunsa motsitsa mawu, "Nanga mwana azagona kopanda ine?" Tonse tinamuyankha nthawi imodzi kuti masiku ake ndi ochepa, ndipo akuchitira mwana yemweyo. Anakwera lole atamuyamwitsa mpaka woyendetsa kuliza hutala.

Ali konko apongozi anga, amayi ake a mlamu wangayo, anabwera kuchokera ku Kambombo, atanyamula mpunga ndi nkhuku yamoyo, kudzaona mdzukulu. Apongozi anga si munthu wankhanza. Anataya ana awo atatu ali makanda, ndipo mdzukulu uyu ankamugwira ngati dzira. Atamva kuti mayi wa mwanayo ali ku Lundazi anangomufungatira mdzukulu wawo.

Mlamu wanga anabwerera masana, fumbi ndi matope mpaka m'tsitsi, bulauzi itanyowa pachifuwa. Anathamanga kuchokera pamsewu. Ine ndinatuluka ndi mwana, ndikumuuza kuti taona amayi ako abwera, ndipo iye anali atayamba kale kumasula mabatani. Apongozi anamugwira mkono. Anamuyankhula m'Chisenga, mofatsa, koma ndinamva zonse. Anati mkaka umene wagona m'bere mwana ali kutali wasasa. Anati mwana akauyamwa amatsegula m'mimba, liwombo limalowa, ndipo sachedwa. Anati mwana wawo wachiwiri anapita choncho.

Zimenezi ndinazimvapo ku Katete ndili mtsikana, koma ndinkayesa zinatha ndi agogo athu. Ndinayankhula zinthu kwa apongozi anga zimene mtengwa sayankhula, ndipo aneba anatuluka m'nyumba zawo. Koma ndikutembenuka kuti ndimupatse mwana mayi wake, ndinapeza wabweza manja kumbuyo. Mwana anamva fungo la mayi ake n'kuyamba kufunafuna ndi kakamwa, akulira. Iye anabwerera m'mbuyo mpaka kutsamira khoma.

Ndinatuma uthenga kuchipatala. Namwino anabwera wapansi dzuwa lili pamutu, ngakhale sinali nthawi yake ya ntchito. Anakhala pamkeka, anafotokoza kuti mkaka suwonongeka m'bere, thupi limapanga watsopano nthawi zonse. Analankhula ndi apongozi mwaulemu, kuwafunsa za mwana wawo uja, ndipo anawauza kuti mwina chinamutenga ndi madzi akumwa oipa kapena malungo. Apongozi anamvetsera, kenako anati iwo ndi okalamba, anena zimene anaona, mwini mwana asankhe yekha. Madzulo ake kunabwera amayi abusa. M'mawa mwake a welofeya. Mlamu wanga ankawalandira onse mwaulemu, mkaka ukudontha pansalu, manja ali pamiyendo.

Pamenepo ndinaganiza kuti ndapeza nzeru. Ndinatenga kapu, ndinamuuza kuti afinyiremo. Anafinya, poti mawere ankamupweteka. Ndinaimirira pamaso pake, pamaso pa apongozi ndi namwino, n'kumwa mkaka uja wonse. Unali wofunda, wotsekemera pang'ono. Ndinamuonetsa kapu yopanda kanthu monga mmene iye ankaonetsera ogula ake.

"Ndalawa, mlamu. Ndiwe wodziwa mwambo umenewu. Mulibe kanthu. Tenga mwana."

Anayang'ana kapu ija. Sanalire. Anati, "Naine n'nali kulawa, mulamu. Siku na siku. Ine sunanichite kanthu. Unapweteka yeve, mwana."

Kenako anatembenukira kwa tonsefe n'kupitiriza.

"Munaniuza imwe mweka kuti vamene vili mwa ine vifika kuli mwana. Namupweteka kale kamozi, osadziwa. Manje mufuna nimupase futi chinthu chamene sin'ziba? Mupaseni wa m'chitini. Uja sunachoke mwa ine."

Ndakhala ndikuphunzitsa ana zaka zambiri ndipo ndimadziwa kubweza yankho, koma tsiku limenelo ndinalowa m'khitchini n'kukalira. Tinamuphunzitsa bwino kwambiri mayi uja. Tinamuuza tonse, ndi mtima wabwino, kuti thupi lake ndi limene linavulaza mwana, ndipo anatikhulupirira kuposa mmene tinkafunira. Apongozi anangoikapo mawu omaliza.

Anamanga mawere ndi chitenje. Anatupa, thupi linatentha, namwino anamupatsa mankhwala, kenako mkaka unauma. Mwana anazolowera wa m'chitini movutikira, anatsika pasikelo, kenako anakweranso. Mlamu wanga ankachita chilichonse chosapita m'kamwa mwa mwana. Ankachapa matewera, kumusambitsa, kumubereka kumsana n'kumazungulira naye bwalo. Koma botolo ankandisiyira ine kapena ana anga. Phala litayamba, sankaliphika.

Chimene sitinachione n'chakuti bere lija silinkasunga mwana yekha. Munthu amene ankakhala tsiku lonse ndi ntchito imene wina aliyense sakanaigwira, tsopano anali mlendo wothandiza kuchapa m'nyumba ya mlamu wake. Anasiya nthabwala. Ankakhala pakhonde paja manja ali chabe, akuyang'ana kumsewu. Nthawi yopalira itafika anati apite akaone munda, udzu usamalize chimanga, abwera. Anapiye aja anafika iye atapita kale. Tinawatumiza panjinga.

Sipanapite nthawi tinamva kuti mgolo uli pamoto. Kenako tinamva kuti tsopano sakungolawa.

Ndinene chilungamo, a maofesi aja sanamutaye. Bambo wa welofeya anapita ku Kambombo panjinga yamoto madzi ali m'mitsinje. Amayi a mvano analumikizana ndi anzawo a kumeneko. Namwino anamupezera munthu wolankhula ndi anthu ovutika ndi mowa, ndipo mlamu wanga anapitako kangapo. Ankasiya, ankayambanso. Tinakhalanso pamabenchi aja pansi pa mtengo, nthawi ino popanda woseka, kukambirana za kumene mwana akhale. Anamuitana mayi wake kuti anene maganizo ake. Anabwera atasamba bwino, atavala chitenje chatsopano. Atamufunsa anati, "Ali bwino kwamene alili." Bambo wa welofeya anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali.

Ndinakwiya zaka. Ndinakwiyira apongozi mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, ndipo pamaliro ndinalira kuposa ana awo, chifukwa ndinadziwa kuti ankangofuna mdzukulu asafe. Ndinakwiyira lole ija, nkhuku zija, mwamuna wa ku Lusaka uja. Mlamu wanga ndinamukwiyiranso, ndipo ulendo wina ndinapita ku Kambombo kukamutukwana pakati pa ogula ake. Anandisiya ndimalize, kenako anandifunsa ngati mwana wayamba kuyenda. Mkwiyo wanga wasowa pokhala. Chatsala ndi chisoni basi, ndipo chimenecho sichitha.

Mnyamatayo tsopano wafika poyamba sukulu. Ndi wamng'ono kuposa anzake onse. Sakhala pansi, ukamuuza chinthu m'mawa masana waiwala, ndipo phokoso likachuluka amatseka makutu n'kukuwa. Mphunzitsi mnzanga wa ana ofunika chithandizo chapadera amakhala naye, kuchipatala amamuonabe, a welofeya amadutsa. Namwino uja anasamutsidwa, koma asanapite anadzamutsanzika, anamunyamula n'kumuuza kuti ndiwe munthu wolimba. Amakonda mabelu a njinga. Bambo aliyense woimika njinga pamsika amadziwa kuti belu lake lilira. Amanditchula amayi. Ndinamuuza kuti ali ndi amayi ena amene anamubereka, ndipo ndimamuuzabe, chifukwa amaiwala.

Mlamu wanga amabwera mwa apo ndi apo. Ndikudziwa kuti akafuna kubwera amayamba wasiya mowa dzulo lake, chifukwa amafika wopanda fungo, manja akunjenjemera ngati masiku oyamba aja. Wakalamba msanga. Sabwera chimanjamanja.

Ulendo womaliza inali nthawi ya mango. Anabweretsa odzaza kabeseni, a mumtengo wa kuseri kwa nyumba yake. Tinakhala pakhonde. Mnyamata anasankha limodzi lakupsa bwino. Zala zake sizitha kusenda, ndiye anazolowera kuti ine ndimaluma kansonga ndi mano, kuyambitsa khungu, iye n'kumakoka yekha. Tsiku limenelo sanabwere kwa ine. Anapita kwa mayi ake, anatsamira pabondo pawo, n'kuwaikira bango m'manja.

"Ndilumireni."

Ndinaona nkhope ya mlamu wanga ikuwala. Analipukuta bango pachitenje, mbali zonse, mosamala. Analikweza mpaka pafupi ndi milomo. Ine ndinkapemphera mumtima kuti luma, mlamu, ingoluma.

Dzanja linaima. Anayang'ana bango, anayang'ana mwana, kenako analitambasulira kwa ine.

"Mulumileni ndimwe, mulamu."

Ndinaluma. Mwana anatenga bango lake n'kuthamangira kumsewu, kumene kunkadutsa njinga.